Kerning ija tsopano yalowa m'mutu

Abale, miyezi itatu m'kalasi ya zokonza mapositala ndi ma logo pa kompyuta ndakhala ndikungoloweza kuti kerning ndi mpata wa pakati pa zilembo ziwiri, tracking ndi wa mawu onse, leading wa pakati pa mizere, koma kunena zoona zimangodutsa.

Zanditsegukira dzulo usiku ndikupanga positala ya msonkhano wa achinyamata kutchalitchi kwathu. Ndinalemba MALAWI ndi zilembo zazikulu, koma china chake chimandivuta m'maso osadziwa kuti ndi chani. Ndiye ndinangotembenuza ntchito yonse chadodolido. Eee! Mawu akasiya kuwerengeka, maso amayamba kuona mipata yokhayokha. Pakati pa L ndi A panali chibowo chachikulu chifukwa L alibe kanthu kumtunda kwake komanso A ndi wosongoka kumutu, A ndi W wina wapendekera uku wina uko amafunika kulowetsana pang'ono, pomwe W ndi I anali atapanikizana ngati anthu a mpando wakumbuyo mu minibasi. Kumeneko ndi komwe ndimasochera ine, ndimayesa kuti mipata iyenera kufanana pa manambala, chonsecho iyenera kufanana m'maso. Ndinayika cursor pakati pa zilembo mu Illustrator, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, n'kumadina mabatani a Alt ndi kamuvi, pang'onopang'ono mpaka mawu anakhala bwinobwino.

Njira yotembenuzayi ndikukuuzani palibe yoiposa, ndayesa pa khadi ya chinkhoswe cha msuweni wanga, pa logo, paliponse ikugwira. Bwenzi aphunzitsi akuyambira pomwepa tsiku loyamba.

Chomwe chikundiwawa ndi chakuti aphunzitsi athu amangolemba matanthauzo pa bolodi ife n'kumakopera, kompyuta imodzi anthu atatu, magetsi akathima basi tsiku latha. Ngakhale zoti leading inachokera ku timizere ta mtovu (lead m'Chingerezi) tomwe osindikiza akale ankaika pakati pa mizere ya zilembo zachitsulo ndazipeza ndekha, akanatiuza bwenzi dzinalo lisakutizunguza. Nanga zoti mafonti (mitundu ya zilembo) ena okongolawa alibe ŵ, ukalemba Malaŵi pamangotuluka kabokosi, anatichenjeza ndani?

Pano ndatsalira pa Metrics ndi Optical, njira ziwiri zomwe pulogalamu imaikira kerning yokha. Ena akuti khulupirira mipata yomwe anaika wopanga font, yomwe ndi Metrics, koma pa mitu ikuluikulu Optical, yomwe imayeza mipata potengera maonekedwe a zilembo, imandikomera ine. Kaya ndi maso anga ayamba kuphunzira kapena ndangozolowera, komanso kaya abusa aona kusiyana kwake pa positala ija Lamulungu...