Musanagule ampulifaya ina, yambani mwakonza chipinda ndi magetsi

Munthu akayamba kukonda mawu abwino m'nyumba, chinthu choyamba chimene amafuna kusintha chimakhala ampulifaya. Besi ikamalilima, mawu a woimba akamabisika kuseri kwa ng'oma, makutu akamatopa pakangotha nyimbo zitatu, maganizo amathamangira ku ma watt: mphamvu yachepa, tigule yaikulu. Ndalama za anthu okonda zoimbira kuno ku Blantyre zimathera pamenepa, ndipo zimandiwawa chifukwa bokosi latsopano likafika, vuto limakhala lili pomwepo. Chimene chimaononga mawu kawirikawiri ndi chipinda chomwe masipika akhalamo ndi magetsi omwe akutuluka pa soketi. Ziwirizi zikakhala bwino, m'pamene khutu limatha kuloza chida chofunikadi kusintha.

Taonani mamangidwe a nyumba zathu, kaya ndi ku Namiwawa, ku Chilomoni, ku Kanjedza kapena ku Machinjiri: makoma a njerwa opaka pulasitala, pansi simenti yosalala kapena matailosi, mawindo aakulu agalasi. Zonsezi n'zolimba, ndipo mawu akagunda cholimba amanjanja. Khutu limalandira mawu ochokera ku sipika, kenaka nthawi yomweyo n'kulandiranso omwewo atabwerera kuchokera kukhoma ndi pansi, zonse n'kusakanikirana. Zimitsani chilichonse, imani pakati pabalaza, muombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mukamva kamawu kotsalira kolira ngati chitsulo, dziwani kuti chipindacho chikuimba nawo nyimbo zanu.

Mankhwala oyamba ndi kapeti yokhuthala pakati pa masipika ndi pomwe mumakhala, makatani olemera pamawindo, ndi shelefu ya mabuku pakhoma la kumbuyo kwanu. Kuti mupeze malo enieni pamakoma a m'mbali pomwe mawu akunjanjira, khalani pampando wanu womvera, wina aziyendetsa kalilole motsata khoma. Paliponse pomwe mwaona sipika m'kalilolemo, ikanipo chizindikiro. Pamenepo mupachikepo felemu ya matabwa ya 60 cm ndi 120 cm, yodzaza ndi rockwool kapena fibreglass (zofewa ngati thonje zotchingira kutentha m'nyumba) yokhuthala 5 mpaka 10 cm, yokutidwa ndi nsalu yoti mukaiuzira mpweya udutse. Chitenje chopepuka chimagwira ntchitoyi ndipo chimakongoletsa nyumba. Matileyi a mazira asiyeni. Ndi opyapyala kwambiri, sameza besi ngakhale pang'ono, ndipo amangoitana mphemvu.

Besi ili ndi masamu ake. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Mukagawa 343 ndi kutalika kwa chipinda mutakuwirikiza kawiri, mupeza mawu apansi omwe chipindacho chimakokomeza: cha mamita 4 chimakokomeza 43 Hz (mafunde 43 pa sekondi), cha mamita 5 chimakokomeza 34 Hz. Chipinda chofanana mbali zonse, monga cha 4 ndi 4, ndiye chovuta kwambiri chifukwa mulitali ndi mulifupi zimaunjikana pa noti imodzimodzi, noti imeneyo n'kumagunda pachifuwa pamene zinzake zikusowa. Pakhoma penipeni besi imachuluka mopyola, pakati penipeni pa chipinda ina imatheratu. Sofa yambiri pabalaza imakhala yotsamira khoma. Ikokereni kutsogolo ndi theka la mita mumve kusintha kwake, kopanda kulipira tambala.

Masipika awiriwo ndi mutu wanu zipange makona atatu ofanana, mamita 2 kapena 2.5 mbali iliyonse. Tweeter, kasipika kakang'ono ka mawu apamwamba, kakhale molingana ndi makutu mutakhala pansi, komwe ndi pafupifupi 90 cm mpaka mita imodzi kuchokera pansi. Kumbuyo kwa sipika musiye 50 cm kuchoka pakhoma, makamaka ngati bowo lake lopumira lili kumbuyo, ndipo muziyesa posuntha 5 cm nthawi imodzi. Akhotetseni pang'ono kuloza kwa inu mpaka mawu a woimba aime pakati ngati akuchokera pamalo amodzi. Sipika yabwino yolowetsedwa m'kabati ya TV pamodzi ndi mbale zagalasi yatayidwa. Masipika ang'onoang'ono amafuna zoimikira zawozawo za 60 cm. Owotcherera zitsulo angathe kukupangirani ndi paipi yachitsulo, inu n'kuthiramo mchenga wouma bwino kuti zisanjenjemere.

Tsopano magetsi. Athu ndi a 230 V, 50 Hz, pulagi ya mano atatu ngati ya ku UK. Kuthima kwa magetsi pakokha sikupha ampulifaya. Choopsa ndi nthawi yomwe akubwerera, pamene mphamvu imatha kudumpha isanakhazikike. Choncho pakati pa khoma ndi zida zanu pakhale choteteza chimene chimadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira mphindi zingapo chisanayatsenso, monga zija timaika pa firiji. Ngati mababu a m'nyumba amafooka madzulo anthu akayamba kuphika, onjezani stabiliser, chida chokhazikitsa mphamvu ya magetsi. Werengani ma watt olembedwa kumbuyo kwa chida chilichonse, muwaphatikize, mugule ya mphamvu yowirikiza kawiri, apo ayi idzatsamwitsa ampulifaya besi ikagunda.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo kuli ziphaliwali, ndipo palibe kabokosi ka pa soketi komwe kangaimitse mphenzi yogwa pafupi. Mvula yamabingu ikayamba, zulani pulagi pakhoma, muzulenso waya wa dishi kapena wa eliyo, chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso n'kudutsa mu waya wa HDMI kukafika ku ampulifaya. Mmisiri wa magetsi akuyezereninso ngati dzino lachitatu la soketi lalumikizidwadi ku nthaka. Nyumba zina waya ameneyu amangothera m'khoma, ndipo popanda iye choteteza chija chimasowa kotayira mphamvu yopyola.

Amene muli ndi inveta, onetsetsani kuti ndi ya pure sine wave. Ya modified sine wave imapangitsa thiransifoma ya m'kati mwa ampulifaya kulira ndi kutentha, phokosolo n'kumatulukira m'masipika. Mtundu wa ampulifaya nawonso umawerengedwa pa batire: ya class A imadya magetsi ochuluka ngakhale nyimbo isakuimba, ya class AB imadya molingana ndi momwe mwakwezera, pamene ya class D imatumiza ku masipika pafupifupi 90 peresenti ya magetsi omwe yakoka ndipo sitentha kwambiri. Kwa wodalira sola, class D yabwino ndiyo yanzeru. Mu Okutobala, kutentha ndi fumbi zikafika pachimake, pamwamba pa ampulifaya pazikhala mpata wa 10 cm, ndipo kansalu kokongoletsa kaja kasamatseke mabowo ake.

Pali kung'ung'uza kwina kwapansipansi komwe kumayamba mukangolumikiza dikoda kapena TV. Ndi 50 Hz ya magetsi, yomwe yapeza njira ziwiri zopitira ku nthaka, ina kudzera pa soketi, ina kudzera pa waya wa dishi. Zulani waya wa dishi. Phokoso likaleka, mwalipeza. Lumikizani mawu a TV ndi waya wa optical, womwe umanyamula kuwala osati magetsi, ndipo zida zonse zidyere pa soketi imodzi. Musadule dzino la nthaka pa pulagi kuti phokoso lithe. Limathadi, koma mwaika moyo wa a m'nyumba pachiswe.

Zogula kunja zimafuna maso pa kachikwangwani ka kumbuyo. Za ku Johannesburg, ku UK ndi ku Dubai ndi za 220 mpaka 240 V, vuto limangokhala pulagi, yomwe mungasinthe n'kuikamo fyuzi yoyenera. Za ku America ndi za 120 V, za ku Japan ndi za 100 V, ndipo mukazilowetsa pa soketi yathu mwachindunji zimapsa nthawi yomweyo. Zimafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo ya 110 V si yoyenera chida cha 100 V cha ku Japan, chimatentha pang'onopang'ono. Galamafoni ya ku America yomwe injini yake imatsata magetsi a 60 Hz imazungulira mochedwa kuno: m'malo mwa 33⅓ pa mphindi imapanga pafupifupi 28, ndipo thiransifoma siingakonze zimenezo. Pamafunika kusintha pule, kagudumu ka pa injini, kapena kusankha ya direct drive yokhala ndi quartz monga Technics SL-1200 MK2, yomwe liwiro lake silidalira ma Hz a pakhoma.

Chipinda ndi magetsi zikakhazikika, gawo lalikulu la ndalama lipite ku masipika, pakuti ndiwo amasiyana kwambiri kamvekedwe. Nambala ziwiri ndi zofunika. Yoyamba ndi sensitivity: sipika ya 88 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) imatulutsa 88 dB pa watt imodzi mutaima mita imodzi, lomwe ndi phokoso lalikulu kale. Kuti muonjezere 3 dB muyenera kuwirikiza mphamvu kawiri, ndiye sipika ya 85 dB imafuna ma watt 100 pomwe ya 88 dB ikufuna 50. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika 10 dB, kutanthauza mphamvu yowirikiza kakhumi. N'chifukwa chake kuchoka pa ampulifaya ya 60 W kupita pa ya 80 W sikusintha kanthu komveka. NAD 3020 ya m'chaka cha 1978 inkalembedwa ma watt 20 okha mbali iliyonse, koma inatchuka chifukwa choyendetsa bwino masipika ovuta. Nambala yachiwiri ndi ma ohm: sipika ya 4 ohm imakoka magetsi owirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 8 ohm, choncho ampulifaya ikhale yolembedwa kuti imalola 4 ohm. Ma watt oti muwakhulupirire ndi a RMS, mphamvu yomwe ampulifaya imapereka mosalekeza, mbali zonse ziwiri zikuimba. Ziwerengero za PMPO zomata pa makatoni m'mashopu ndi zokopera ogula basi.

Chodabwitsa n'chakuti ampulifaya yaing'ono ndiyo imaotcha ma tweeter kawirikawiri. Mukaikweza kupyola malire ake imadula nsonga za mafunde a mawu, ndipo kudulako kumabala mawu apamwamba akuthwa omwe amathamangira ku tweeter n'kupsereza kawaya kake. Mawu akayamba kukalipa ndi kuuma, tsitsani msanga.

Zakaunjika zilipo zabwino, ma Yamaha, Marantz, KEF, Wharfedale akale, bola muziyese musanalipire. Chotsani nsalu ya kutsogolo kwa sipika, mugwire mkombero wofewa wozungulira woofer, sipika yaikulu ya besi. Ngati ndi wa siponji ndipo ukunyenyeka, ufunika kusinthidwa. Kankhani woofer mofatsa ndi zala zitatu mozungulira pakati; ikamakhula m'kati, mwina koyilo inapsapo. Ikani khutu pa tweeter iliyonse payokha. Kwa ampulifaya, tengani multimeter, kachida koyezera magetsi, muiike pa DC millivolt, muyatse chidacho popanda masipika, voliyumu ili pansi, chitenthe mphindi khumi, muyeze pomwe mumamanga mawaya a sipika. Pansi pa 50 mV zili bwino. Kupyola 100 mV chikufunika mmisiri chisanakhudze masipika anu. Suzumiraninso m'kati ngati ma capacitor aakulu, zitini zosunga magetsi, atupa pamwamba kapena adontha. Kukhetekhete pozunguza voliyumu nthawi zambiri ndi fumbi chabe, mankhwala opopera a contact cleaner amathetsa.

Pa mawaya musatayepo ndalama zambiri. Waya wa kopa weniweni wa 2.5 mm² ndi wokwanira pa mamita asanu kapena kupitirirapo pang'ono. Chenjerani ndi wa aluminiyamu wongopakidwa kopa: palani ndi mpeni, m'kati mukayera ngati siliva, ubwezeni. Chofunika kwambiri n'chakuti chofiira chipite ku chofiira mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa mbali imodzi besi imathawa ndipo woimba amabalalika. Khudzitsani batire ya 1.5 V pa mawaya a sipika, mutawachotsa ku ampulifaya: mbali ya + ikakhudza waya wofiira, woofer ituluke kunja.

Gwero la nyimbo nalo limaika malire. MP3 ya 128 kbps yomwe yadutsa m'mafoni angapo inataya kale zambiri, ndipo masipika abwino amangoulula kuonongekako. CD imanyamula 1,411 kbps, ndipo fayilo ya FLAC imasunga zonsezo pa malo ochepera, pafupifupi theka. Kusunga nyimbo zanu pa hard drive n'kuzidutsitsa mu DAC ya USB, kabokosi kosandutsa fayilo kukhala mawu opita ku ampulifaya, kumapulumutsa bandulo ndipo kumamveka bwino kuposa Bluetooth wamba. A zimbale za galamafoni, singano ikanikize molingana ndi zomwe wopanga analemba, monga magalamu 2.0 pa Audio-Technica AT-VM95E ndi 1.8 pa Ortofon 2M Red, poyeza ndi kasikelo osati pongoganizira. Yopepuka kwambiri imadumphadumpha m'kanjira n'kukanda chimbale kuposa yolemerako pang'ono. Zimbale zisungidwe choimirira, kutali ndi khoma lakunja, chifukwa chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni chimameretsa chuku m'zikuto.

Posintha chida, sinthani chimodzi nthawi imodzi, china chilichonse chikhale momwe chinalili, mpando womwewo, nyimbo zitatu kapena zinayi zomwe mumazidziwa mpaka popumira woimba. Pakhale ina ya mawu a munthu ndi gitala yokha, ina ya kwaya, ina ya besi ndi ng'oma zolemera. Linganizani kukwera kwa mawu musanayerekeze, chifukwa chida chokwera ndi 1 dB yokha chimamveka ngati chabwino koposa ngakhale chisali. Ngati masipika ndi omwewo, imbani noti yoyesera ya 1 kHz, muyeze ma volt pa mawaya a sipika ndi multimeter ili pa AC, muzunguze voliyumu mpaka zida zonse ziwiri zipereke nambala imodzi. Wogulitsa akalola, pemphani kuti chidacho chigone kwanu masiku angapo, chiimbe m'chipinda chanu ndi pa magetsi anu musanapereke ndalama yonse.