Kazembe akakhala ndi dandaulo, amamuyankhulira ndani?

Teremu ino m'kalasi yathu yamadzulo tikuphunzira za ubale wa pakati pa mayiko. Mwezi watha aphunzitsi anati aliyense asankhe bungwe la anthu a ntchito imodzi, afufuze mmene limasankhira atsogoleri ake. Ine ndinafika mochedwa tsiku limenelo, minibasi ya ku Area 25 itachedwa kudzaza, ndipo ndinapeza anzanga atatenga kale maloya, anamwino ndi aphunzitsi. Pabolodi panatsala mawu amodzi okha: akazembe.

"Aphunzitsi, koma akazembe sasankhana, amachita kutumidwa," ndinatero.

Iwo anangopukuta choko m'manja n'kunena kuti, "Kafufuzeni kaye, mayi, mudzandiuze Lachinayi."

Zimene ndinkadziwa ine ndi zimene aliyense amamva pa wailesi. Kuno kwathu mtsogoleri wa dziko ndiye amasankha kazembe, kenako komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za anthu osankhidwa m'maudindo imamufunsa mafunso n'kumuvomereza kapena kumukana. Wochokera kunja naye akafika amakapereka zikalata zake ku Kamuzu Palace, akatero ntchito yayamba. Nanga voti ikulowa pati?

Choyamba chimene ndinapeza chinkaoneka ngati chikundivomereza. Akazembe onse okhala mu likulu limodzi, monga awa amene mbendera zawo timaziona tikamadutsa ku City Centre, amakhala ndi mkulu wawo. Mkuluyu savoteredwa. Pangano la mayiko loona za ukazembe, la ku Vienna la 1961, limati ukulu wa akazembe uzitsatira tsiku ndi nthawi imene aliyense anayamba ntchito m'dzikomo, choncho amene wakhalitsa ndiye amakhala patsogolo, kaya dziko lake ndi lalikulu kaya laling'ono. Mayiko ena a Chikatolika amapereka mpandowu kwa nthumwi ya Papa, ndipo panganolo limalola. Njirayi ndinaikonda, chifukwa kale m'nyumba za mafumu a ku Ulaya nthumwi zinkakanganirana mpando wakutsogolo mpaka kumenyana. Kuwerenga masiku kunathetsa mkanganowo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mkulu wotere ntchito yake ndi yomweyo, kuyankhula pamwambo ndi kupereka madandaulo a gulu lonse mwaulemu kwa eni dziko.

Ndikanaima pomwepo ndikanalemba tsamba limodzi n'kumaliza. Koma usiku wina magetsi atazima, ndikuwerenga pafoni, ndinapeza bungwe la ku America lotchedwa American Foreign Service Association, mwachidule AFSA. Limeneli si la akazembe a mayiko osiyanasiyana ayi, ndi la anthu a dziko limodzi amene ntchito yawo ya moyo wonse ndi ukazembe, kuyambira wachinyamata wodinda maviza mpaka amene anapuma kale. Linayamba mu 1924, ndipo zaka ziwiri zilizonse mamembala amasankha komiti yawo. Pulezidenti, mlembi ndi msungichuma amasankhidwa ndi onse, pomwe achiwiri kwa pulezidenti amasankhidwa ndi gulu limene akuliimira: a unduna wa zakunja paokha, a zamalonda paokha, a zaulimi paokha, opuma pantchito paokhanso. Ovotawo ali balalabalala dziko lonse lapansi, wina ku Tokyo, wina ku Nairobi, wina konkuno ku Lilongwe, ndiye kampeni yake si ya msonkhano wa pabwalo. Wopikisana amalemba mfundo zake, anthu amawerenga ali kumene ali.

Chimene chinandigwira mtima ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri bungweli linali ngati kalabu ya akuluakulu, yodyera limodzi ndi kusindikiza magazini. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata a muntchitomo anagwirizana, anaimika anthu awo pachisankho, n'kupambana. Kuchokera pamenepo bungwe linasintha nkhope. Mu 1968 linayamba kupereka mphotho kwa wogwira ntchito amene watsutsa ndondomeko ya boma mwanzeru, kudzera m'njira zoyenera za muofesi. Mu 1973 linavomerezedwa kukhala loimira apantchito pokambirana ndi boma. Zonsezi zinachokera pa chisankho cha bungwe chimene munthu wapamsewu sanachimve n'komwe.

Komabe funso langa linali lisanayankhidwe. Munthu wolemekezeka chonchi, wa galimoto ya mbendera, akufuniranji bungwe lomumenyera nkhondo? Yankho sindinalipeze m'buku. Ndinalipeza kwa amalume ku Kawale Loweruka lina, tikukhala pakhonde, iwo akusenda chinangwa chophika. Amalume ndi ankhoswe a mabanja angapo kwathu, ndipo anali atangobwera kumene kokamba mlandu wa banja la msuweni wanga. Ndinawafunsa ngati zimene anakanena kuchimuna zinali zochokera mumtima mwawo.

"Iwe mphwanga, nkhoswe ilibe pakamwa pake. Ndimakanena zimene akwathu andituma, ngakhale mumtima ndikudziwa kuti mwana wathu ndiye walakwa."

"Nanga inuyo akakulakwirani akwathu omwewo, mumakauza ndani?"

Anaseka pang'ono, n'kukhala chete, chinangwa chili m'manja. Kenako anati, "Ndimauza azakhali akowa usiku."

Pobwerera kunyumba mawu amenewa sanandichoke. Kazembe ndi nkhoswe ya dziko. Pakamwa pake anabwereketsa. Sangapite ku nyuzipepala kukadandaula kuti alawansi yachedwa, kuti ana ake achotsedwa sukulu pakati pa chaka, kapena kuti mpando umene waugwirira ntchito zaka makumi awiri wapatsidwa kwa munthu wa chipani. Ndipo mawu a kazembe ndi olemera moopsa. Tonse tikukumbuka za 2011, pamene kalata yachinsinsi ya kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, yonena za ulamuliro wa Bingu wa Mutharika inatulukira poyera. Anathamangitsidwa m'dziko muno, Britain nayo inabweza wathu, ndipo thandizo la ndalama za bajeti linaimitsidwa chaka chomwecho. Munthu amene mawu ake angagwedeze mayiko awiri chonchi amaphunzira kutseka pakamwa, ngakhale pa zinthu zomupweteka iye mwini. Mtsogoleri wa bungwe wosankhidwa ndi anzake ndiye yekha amene angayankhule m'malo mwawo popanda wina kunena kuti wagalukira boma, chifukwa amene anamutuma akudziwika, ndi mavoti aja.

Apa mpomwe ndinaona kusiyana kwa mipando iwiri ija. Mkulu wa akazembe amapeza mpando chifukwa cha masiku, ndipo palibe amene amayembekeza kuti akangane ndi munthu. Wapampando wa bungwe amafunika akhale wolimba mtima, ndipo kulimba mtima sikubwera ndi imvi zokha. Tangoganizani, nthawi yake ikatha ambiri amabwerera ku unduna womwewo, pansi pa mabwana omwe ankawatsutsa dzulo, amenenso ali ndi mphamvu yomutumiza kumalo abwino kapena oipa. Barbara Stephenson, amene anakhalapo kazembe ku Panama, ali pulezidenti wa AFSA mu 2017 analemba poyera kuti akuluakulu odziwa ntchito akutha mu unduna wawo, boma lomwe ankaligwirira ntchito lili pampando. Wofuna kukwezedwa msanga sakanalemba zimenezo. Kwina zimafika ndi pa kunyanyala ntchito, monga anachitira a ku Canada mu 2013 pa nkhani ya malipiro mpaka maviza kuchedwa, ndi a ku France mu 2022 pokana kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito yawo. Ine pamenepo mtima wanga umakayika, chifukwa wovutika ndi mwana wasukulu amene akudikira viza, koma ndikumvetsa chimene chimawafikitsa pamenepo.

Lachinayi lija ndinaima kutsogolo kwa kalasi ndi mapepala anga atatu. Nditamaliza, mnzathu wina amene amagwira ntchito ku Kapitolo anakweza dzanja. Anati boma likasintha timamva kuti akazembe aitanidwa kumudzi, ena atsopano atumizidwa, ndipo timangokamba za mayina akuluakulu. Koma kumbuyo kwa mayinawo kuli alembi ndi maofesala amene anaphunzira ntchitoyi, amene amatsala kugwira ofesi, ndipo za iwo palibe amafunsa. Kalasi yonse inakhala duu.

Aphunzitsi anandifunsa kuti nditakhala ndi voti pachisankho chotere ndingayang'ane chiyani mwa wopikisana. Ndinayankha kuti sindingayambe ndi mayiko amene wakhalako kapena zinenero zimene amayankhula. Ndingafune kumva ngati anayamba wauzapo bwana wake kuti "apa ndiye ayi, bwana," n'kubweranso kuntchito m'mawa mwake. Analemba kanthu m'kabuku kawo, kenako anandiuza kuti lipotilo ndiliwonjezere gawo lofotokoza mmene ovota ali kutali angatsimikizire kuti mavoti awo awerengedwa moona. Ndi zimene tinadutsamo pa zisankho za dziko lino mu 2019 ndi 2020, gawo limeneli ndikulilemba mosamala kwambiri, ndipo likufunika Lolemba.