Invata nayo imadya moto

Lachiwiri usiku. Kapepala ka masamu a magetsi a sola ka bambo ena a golosale a ku Mitundu kakundisowetsabe mtendere. Masamu awo anali aukhondo: TV, mababu ndi kutchaja mafoni, zonse pamodzi 150 W kwa maola 8, ndiye kuti 1,200 Wh (ma watt kuchulukitsa ndi maola) pa tsiku. Anagula mabatire awiri a 12 V 100 Ah, n'kuwalumikiza kuti apereke 24 V. Mumakhala 2,400 Wh, ndipo poti batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, yogwiritsa ntchito ndi 1,200 Wh ndendende.

"Nanga achimwene, bwanji invata ikumalira ikangokwana 9 koloko?" anandifunsa bambowo. Imalira chonchi mabatire akatsika kwambiri.

Invata anaiiwala pa kapepalapo. Ntchito yake n'kusandutsa moto wa batire kukhala 230 V wa m'nyumba, ndipo potero wina umatayika ngati kutentha. Pa bokosi pamalembedwa kuti moto wopulumuka ndi 90% kapena kuposa, koma nambala imeneyo imafikika invata ikasenza katundu woyenerana ndi kukula kwake. Yawo ndi ya 3,000 W, katundu wake 150 W basi. Poiyeza popanda cholumikiza chilichonse, inkadya 25 W pongokhala yoyaka. Onjezani 25 pa 150 ija, mwatsika kale kufika pa 86% musanawerenge zotayika zina. Pamenepa 80% ndiyo nambala yodalirika.

Tsono timagawa: 1,200 ÷ 0.8 = 1,500 Wh. Ambiri amangowonjezera 20% n'kupeza 1,440, zomwe zimaperewera. Komanso bambowa saizimitsa invatayo akatseka golosale. Maola 16 otsalawo imadya 400 Wh pachabe. Zonse pamodzi 1,900 Wh. Kuti batire isapitirire theka pafunika 3,800 Wh, pafupifupi 160 Ah pa 24 V, kutanthauza mabatire awiri a 200 Ah.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mabatirewo akhala akukamidwa mpaka pansi usiku uliwonse kwa miyezi. Batire ya asidi ikamakhala yosadzaza, mapuleti ake amauma ndi sulphate ndipo mphamvu yake sibwereranso. Panelo yawo ya sola ya 300 W, titawerengera maola 5 a dzuwa lamphamvu n'kuchotsa 30% yotayika m'mawaya, mu controller (kabokosi koyang'anira kutchaja kwa batire), ku fumbi ndi potchaja, imabweza 1,050 Wh yokha. Imafunika ya 550 W, ndipo mitambo ya Januwale sitinaiwerengere n'komwe.

Ndinawauza kuti ayambe ndi zosalira ndalama zambiri. Azizimitsa invata akatseka, 400 Wh ija ipulumuke. Mafoni ndi mababu apite ku DC, moto wochokera ku batire mwachindunji, asadutse mu invata. TV yokha ingakwane pa invata ya pure sine (yotulutsa moto wosalala ngati wa ESCOM) ya 500 W, yomwe imadya pang'ono ikakhala chabe.

Anagwedeza mutu, n'kunena kuti yaikuluyo anagulira firiji imene akufuna kudzagula chaka chamawa. Firiji poyamba kulira imakokadi moto wochuluka kangapo kuposa wa nthawi zonse, ndiye maganizo awo ndi omveka. Koma mabatire aja sindikukhulupirira kuti chaka chamawacho achiona.