Zikomo anthu a ku Mzuzu, sewero latha

Tamaliza kujambula sewero lathu lanthabwala la pa kanema, ndipo ine amene ndinalilemba ndi kuliyendetsa ndati ndithokoze poyera.

Amayi ogulitsa tomato mumsika wa Zigwagwa, munatilola kujambulira pabenchi panu makasitomala akudikira. Nthabwala ya wangongole wobisala kuseri kwa matumba a mbatata munatipatsa ndinu, ndipo kunena zoona yaposa zanga zonse. Achimwene a kabaza ku Chibavi, mvula itatipeza munavula jekete n'kufunditsa kamera, inu n'kunyowa chonyowa. Bambo a ku Katoto, magetsi atazima munatibwereka jenereta, ndalama munakana, munangoti tithiremo mafuta.

Nanunso ophunzira a Mzuzu University munanyamula zingwe mpaka usiku. Yewo chomene, Ambuye akudalitseni nonse.