Pepala la impso limene linanditayitsa tsiku lathunthu

Lachinayi lapitali ndinalowa m'makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, kukajambulitsa mtima, n'kutulukamo bwinobwino. Mtima wakhala pansi tsopano, koma mkwiyo wa zimene zinandichitikira mwezi watha sunathe. Ndiye ndati ndilembe, kuti m'bale wanga wina amene wapatsidwa kalata ya MRI yonga yanga kuno ku Joni asakagwe m'mbuna yomweyo.

Vuto langa ndi lobadwa nalo, koma ndalidziwa ndili ndi zaka 41. Valavu imene imatulutsa magazi mumtima kupita mumtsempha waukulu wotchedwa aorta imayenera kukhala ndi tizitseko titatu. Yanga ili ndi tiwiri. Madokotala amati bicuspid aortic valve, ndipo munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 alionse amabadwa choncho, ambiri mwa iwo ndife amuna. Anazitulukira pa echo, komwe ndi kujambula mtima ndi sikani yoyendetsa pachifuwa, dokotala atamva phokoso lachilendo pachifuwa panga. Koma echo siona bwino kumtunda kwa mtsemphawo, n'chifukwa chake anandilembera MRI.

Dokotala wa mtima anandifotokozera mondigwira mtima, mpaka anajambula papepala. Anati tizitseko tikakhala tiwiri, magazi satuluka molunjika. Amakhala ngati madzi a mupaipi imene waitsina kukamwa: amathamangira mbali imodzi, kumenya khoma la mtsempha, n'kumakwera akuzungulira ngati kamvuluvulu. Zaka zikamapita khomalo limatha kufutukuka. MRI imayeza kukula kwa mtsempha, liwiro la magazi, komanso kuchuluka kwa magazi amene akubwerera m'mbuyo valavu ikatseka. Ilibenso cheza choopsa chimene chimakhala m'makina ena ojambulira otchedwa CT, choncho kwa ife amene tizijambulidwa mobwerezabwereza moyo wathu wonse ndi yabwino.

Tsopano za pawindo la kuchipatala. Nditatenga kalata ndinapita pamalo olembetsera tsiku. Mayi amene anali pamenepo anatenga kalata, kuyang'ana pa kompyuta, kulemba tsiku pa kakhadi, n'kukankhira kwa ine. Ndinafunsa kuti, pali chimene ndidzabwere nacho? Anangoti khadi lomwelo ndi pasipoti. Basi.

Tsikulo ndinadzuka 4 koloko. Ndimakhala ku Rosettenville, ndiye ndi takisi yolowa m'tauni, kuyenda wapansi kukafika ku Bree, kukweranso ina. Kuntchito ndinali nditapempha kale, ndipo kwathu ukajomba tsikulo sulandira kanthu, kaya wadwala kaya wafedwa. Ndinakhala pabenchi kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 11, m'mimba muli gwa chifukwa ndinkaopa kudya. Atandiitana, nesi anatsegula fayilo n'kufunsa zotsatira za magazi oyeza impso. Ndinati, ziti? Anati creatinine. Mankhwala a gadolinium amene amabaya pamkono kuti mtsempha uoneke bwino amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye safuna kukubaya asanadziwe kuti impso zako zikugwira ntchito. Ine ndimamwanso mankhwala a BP, choncho sakanandilola n'komwe.

Nesiyo sindimuda, anachita zoyenera. Amene anandipsetsa mtima ndi wa pawindo. Mawu ochepa chabe akanandipulumutsa: kayezetseni magazi kaye. Nditabwererako kukamuuza zimene zachitika, mutu sanadzutse. Anafufuta tsiku lakale, kulemba lina la milungu isanu kutsogolo. Milungu isanu ukugona ndi maganizo oti mwina mtsempha ukufutukuka usiku uno! Mayi a kunyumba ankandidzutsa pakati pa usiku kufunsa kuti, bambo, mukupuma bwino? Ndalama ya takisi yapita, ya tsiku yapita, tulo tapita.

Ndiye abale anga, dokotala akangolemba MRI, mufunseni pomwepo musanatuluke m'chipinda chake: kodi adzandibaya mankhwala? Ngati inde, ndilembereni pepala loyezetsa impso. Zotsatira zake zikhale za posachedwa, ndipo muzitenge m'manja, musadalire zoti zili mu kompyuta.

Ndayiwala china. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Tsiku lotayika lomwelo nesi uja anandifunsa ngati kachitsulo kanandilowapo m'diso. Kanandilowa ndithu zaka zapitazo ndikugaya geti ndi gulayinda. Makinawo ndi maginito amphamvu kwambiri, ndipo kachidutswa kotsalira kangathe kusuntha n'kuwononga diso. Ananditumiza kukajambulitsa maso pa X-ray, mwamwayi munalibe kanthu. Amakaniko, owotcherera, ndi aliyense amene ali ndi chitsulo m'thupi kapena kabatire ka mtima, nenani msanga pa tsiku lolembetsa, ngakhale asakufunseni.

Kujambula kwenikweni sikupweteka. Umavula zonse zachitsulo, lamba, mphete, ndalama, foni, n'kuvala gauni. Anandimeta pang'ono pachifuwa n'kumatapo timawaya totsatira kugunda kwa mtima, kanula pamkono, chinthu cholemererako pachifuwa, zotseka m'makutu, ndi kampira m'dzanja koti ndifinye ndikaona zovuta. Bedi likamalowa, denga la makina limakhala pafupi ndi mphuno. Ndinatseka maso ndisanalowe ndipo sindinatsegule mpaka kumapeto. Phokoso lake ngati akukhoma malata pamutu pako. Mawu amabwera m'makutu: kokani mpweya, tulutsani, imani. Umaima osapuma masekondi 10 kapena 15, kambirimbiri. Yesererani kunyumba mutagona chagada, zimathandiza. Pali gawo lina lalitali pamene anati ndizipuma mwachizolowezi koma ndisagwedezeke, pamenepo mpamene amayeza mayendedwe a magazi. Zonse zinatenga pafupifupi ola limodzi. Pitani kuchimbudzi musanalowe.

Dzulo ndinakaonana ndi dokotala. Anatembenuza kompyuta kuti ndione mtima wanga ukugunda, magazi akutuluka mopendekera monga anajambulira papepala paja. Mtsempha wanga ndi masentimita 4.2 m'mimba mwake. Ndi wofutukuka pang'ono, koma anati opaleshoni nthawi zambiri amaiganizira ukafika 5.5, kapena 5 ngati pali zoopsa zina. Chaka chamawa ndijambulidwanso. Mankhwala a BP osadumphitsa, ndipo zonyamula mageti olemera ndekha ndisiye. Pemphaninso kope la lipoti ndi zithunzi zake, chifukwa mukadzabwerera kumudzi dokotala wa kumeneko adzafuna poyambira.

Ananenanso kuti vutoli limayenda m'magazi, choncho makolo, abale a bere limodzi ndi ana ayenera kupimidwa pa echo. Usiku womwewo ndinaimbira achimwene anga ku Machinjiri kuti apite ku Queens akafunse za echo, atengenso achemwali. Ana anga awiri ndikupita nawo ndekha mwezi wamawa. Pepala la impso la chaka chamawa ndapempha kale, lili mu envulopu limodzi ndi pasipoti.