Mmene tinasankhira makina ochekera matabwa ndalama zitachepa

Bizinesi yathu yopanga matebulo, mabedi ndi makabati tinaiyambira kuseri kwa nyumba ku Area 25 mu Lilongwe, m'kashedi ka malata kamene tinakhoma ine ndi mng'ono wanga. Ukalipentala ndinaphunzira kwa malume anga, amene moyo wawo wonse agwira ntchito ndi sowo yamanja, puleni, sikweya ndi tchizulo. Buku la ndalama amasunga ndi mayi a kunyumba, ndipo ndi iwo amene anayamba kuona kuti phindu lathu likuthera pamsewu.

Matabwa ambiri amene timagwiritsa ntchito ndi a paini, ochokera ku Chikangawa ndi madera ena, komanso bulugamu. Mbawa ndi mlombwa timagula kasitomala akaitanitsa, chifukwa ndi odula. Thabwa likabwera kuchokera kumsika silikhala pa muyeso umene ukufuna, ndiye pamafunika kuling'amba m'litali mwake. Kuchita zimenezi ndi sowo yamanja pa thabwa la 2x6 kumadya nthawi ndi mphamvu, ndipo mzere sutuluka wowongoka ngati wa makina. Choncho tinkanyamula matabwa kupita nawo ku Mchesi, kumene eni makina amacheka ndi kupala pa mtengo wa thabwa lililonse. Kulipira galimoto popita ndi pobwera, kudikira pamzere, kenako kufika kunyumba n'kupeza kuti pakufunikanso kathabwa kamodzi kopyapyala ka chitseko cha kabati. M'chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, zinafika povuta kwambiri, chifukwa unkatha kufika ku Mchesi magetsi atazima, pomwe kwanu wawasiya akuyaka.

Tinagwirizana zosunga ndalama ku banki m'khonde kuti tigule makina athu, aja okhala ngati tebulo, buledi, chitsulo chozungulira cha mano chochekera, itatulukira pakati. Mtima wanga unali pa makina a kampani ya Makita. Koma mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo nthawi yomweyo. Ndalama imene tinkayembekeza kuti ikwana inatsala patali. Apa ndi pamene tinayamba kuganiza mofatsa kuti pa makinawa, chofunika kwenikweni n'chiyani, ndipo chimene tingachisiye n'chiyani.

Malume ankafuna kuti tikapangitse benchi kwa owotcherera zitsulo, monga amachitira amisiri ambiri: miyendo ya engo ayironi, shafuti, mapule, lamba ndi mota yaikulu pansi. Anandiuza kuti, "Mphwanga, mota ya lamba siifa msanga. Ikavuta aliyense amaikonza, pomwe timakina ta m'sitolo timangolira ngati udzudzu." Sananame. Mota za mabenchi amenewa zilibe mabulashi (timakala topereka magetsi ku mbali yozungulira ya mota), sizisokosa kwambiri, ndipo zimatha kugwira ntchito tsiku lonse. Koma nditayendera mabenchi angapo ndinaona zinthu zimene sizinandikhazike mtima pansi. Mota zambiri zamphamvu zinali za three phase, magetsi a mtundu wa m'mafakitale, pomwe kunyumba kwathu magetsi ndi wamba a 230V. Buledi siinkakwera kapena kutsika, siinkapendekeka kuti ucheke ngodya ya madigiri 45, ndipo inali poyera popanda chotchinga chilichonse. Fensi, chitsulo chija chimene thabwa limatsamira ukamalikankha, inali yongomanga ndi makalampu, moti ukasintha muyeso uyenera kuyambiranso kuyeza kutsogolo ndi kumbuyo. Pa ntchito ya denga benchi yotere ndi yabwino. Pa makabati, pamene milimita imodzi imachititsa chitseko kukana kutsekeka, ndinaona kuti tidzavutika. Komanso pakhomo pali ana.

Tinaonanso makina ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja. Amodzi anali a DeWalt, ooneka bwino, pa mtengo wokopa. Nditawerenga kachitsulo kolembedwa pambali pa mota ndinapeza 120V, kutanthauza kuti anapangidwira ku America. Kuwalumikiza kumagetsi athu mwachindunji n'kuotcha mota, ndipo thiransifoma yokwanira mota ya mphamvu chonchi ndi ndalama inanso yambiri. Panalinso nkhani ya bowo la buledi. Makina a ku America amalandira buledi ya bowo la 5/8 inchi, pomwe mabuledi ambiri a makina otere amene ndinawaona m'masitolo muno anali a bowo la 30mm. Pali timphete tochepetsera bowo, komabe sindinafune kuti nthawi iliyonse buledi ikatha tiziyamba kufunafuna. Aliyense wogula makina a kaunjika aziyamba wawerenga kachitsulo kameneka asanayambe n'komwe kunenerera mtengo.

Tinatsala ndi makina atsopano a mtengo wotsika, amene amagulitsidwa m'mahadiweya ambiri. Pamenepa ogulitsa amakonda kukuuza za mawati, kuti awa ndi 1800, awa ndi 2000. Ine nambala imeneyo sinandisunthe kwenikweni. Makina a gulu limeneli amafanana kwambiri: buledi ya 254mm, imene imacheka thabwa lokhuthala pafupifupi 80mm ikaima chilili, ndi mota ya mabulashi yozungulira mofulumira. Mota ya 1800W imakoka pafupifupi ma ampu 8, ndiye pulagi yathu ya ma ampu 13 imakwanitsa, ndipo ikagwira ntchito ola lathunthu mosalekeza siingapose mayunitsi awiri. Kusiyana kwenikweni kuli pa fensi, pa tebulo, ndi pa zipangizo zosinthira.

Ndinapita kusitolo ndi tepi, sikweya ndi rula yachitsulo, n'kupempha kuti andilole kuyeza makina amene anali pachionetsero. Ndinakhoma fensi n'kuikankha ndi dzanja kumapeto kwake. Pa makina ena inkagwedera chifukwa imagwira kutsogolo kokha, ndipo amenewo ndinawasiya pomwepo. Kenako ndinasankha dzino limodzi la buledi, n'kuyeza kuchokera pa dzinolo kufika pa fensi lili kutsogolo, n'kutembenuza buledi ndi dzanja kuti dzino lomwelo lipite kumbuyo, n'kuyezanso. Miyeso iwiriyi iyenera kufanana. Kumbuyo kukakhala kothina, thabwa limapanikizika pakati pa fensi ndi buledi, limapsa m'mbali, ndipo limatha kubwerera mwamphamvu kwa wochekayo. Rula ndinaigoneka patebulo kuti ndione ngati pali pokwera kapena polowa, ndipo sikweya ndinaiimika pambali pa buledi.

Chinthu chimene sindinafune kumva zokambirana ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamaima kumbuyo kwa buledi, kotchedwa riving knife. Amisiri ambiri amakachotsa ati kamasokoneza, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Paini amene timagula kumsika nthawi zambiri amakhala asanaume bwino. Ukamamung'amba, mbali ziwiri zija zimatha kubwererana n'kutsina buledi kumbuyo, kumene mano akukwera m'mwamba. Mano akagwira thabwa amaliponya kwa iwe, ndipo dzanja limene limakankha limatha kutsetserekera pa buledi. Kachitsulo kaja kamaletsa mpata kutsekeka. Ku Mchesi ndi ku Biwi sizachilendo kukumana ndi mmisiri waluso amene zala zake sizikwana, ndipo sindikufuna kuti mng'ono wanga adzakhale mmodzi wa iwo chifukwa choti tinafuna kupulumutsa ndalama.

Funso lomaliza linali la mabulashi a mota. Amatha, ndipo akatha makina amaima. Ndinafunsa ngati amagulitsa a makina omwewo, ndipo tinagula makina kusitolo kumene anatulutsa mabulashiwo n'kundionetsa. Tinatengeratu ena osungira tsiku lomwelo.

Ndalama imene inatsala mayi a kunyumba ankafuna ibwerere m'buku. Ndinawapempha kuti tigule buledi zina ziwiri, chifukwa imene imabwera ndi makina otchipa siikhala yabwino kwenikweni. Ya mano 24 ndi yong'ambira matabwa m'litali: imachotsa utuchi msanga ndipo mota siilemedwa. Ya mano 60 ndi ya pulaiwudi ndi mabodi, kuti m'mphepete musanyotsoke. Atawona kuti ntchito yosalaza ndi puleni yachepa anavomereza kuti ndalamayo sinapite pachabe.

Makina otere ndi opepuka ndipo tebulo lake ndi laling'ono, pomwe pulaiwudi imabwera ya 2440mm m'litali ndi 1220mm m'lifupi. Tinawamangirira ndi mabawuti pa benchi yolemera ya bulugamu, n'kupanga tebulo lina kumbuyo lolandira thabwa likamatuluka. Bodi yathunthu timayamba taidula pakati ndi sowo yamanja tisanaikweze pa makina. Tinasemanso timitengo tokankhira kuti manja azikhala kutali ndi buledi, ndipo lamulo m'shedi muno ndi lakuti posintha buledi pulagi izichotsedwa kukhoma. Mng'ono wanga poyamba ankati, "Achimwene, mukuchedwetsa ntchito," koma pano ndi iye amene amakumbutsa anyamata a ganyu. Matabwa akale timawafufuza misomali kaye, chifukwa msomali umodzi umathyola mano a buledi yokwera mtengo.

Makina athu ali ndi malire ake. Amasokosa, moti sitiwayatsa m'mamawa kwambiri kapena usiku polemekeza oyandikana nawo. Pa mbawa wokhuthala mota imatentha, ndiye timacheka pang'onopang'ono n'kumaipumitsa. Tikapeza oda ya zitseko zambiri za mtengo wolimba timapitabe ku Mchesi, ndipo kupala matabwa kumachitikabe komweko chifukwa makina opalira tilibe. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga mafelemu, mashelefu, madirowa ndi timatabwa ta mabedi, yonse ikuchitikira pakhomo, ndipo kasitomala akasintha muyeso timakonza tsiku lomwelo.

Malume anabwera kudzaona, anayeza thabwa limene tinang'amba, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupeza kuti ndi lofanana. Maganizo awo pa mota ya lamba sanasinthe, ndipo ine ndikugwirizana nawo kuti ntchito ikadzakula tidzafunika makina olemera a mtundu umenewo, okhala ndi fensi yabwino ndi chotchinga. Pakali pano ndalama ya ku banki m'khonde tikusungira makina opalira matabwa.