Loweruka lathera pa 523i

Alamu anga, amuna awo a achemwali, akhala akulota BMW 5 Series kuyambira kalekale, ndiye atamva kuti pali ina ikugulitsidwa cha ku Area 47 anandiimbira mamawa kuti alamu dzukani tikaone chuma. Ine ndinawauza kuti popanda mekaniki wodziwa magalimoto a ku Germany sindikupita, kuona ndi maso tonse timatha koma galimoto ngati imeneyi zambiri imabisa mu kompyuta. Tinadzera ku Biwi kukatenga madala ena ake amene amakonza ma BMW ndi ma Benz, anakwera kumbuyo ndi makina awo a diagnosis ali mu jumbo, osayankhula zambiri.

Galimotoyo ndi 523i ya 2012, imene anthu ake amaitchula kuti F10, mtundu umene unayamba kutuluka mu 2010 mpaka 2017. Yoyera, M Sport, inabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar ndi pa Songwe monga zimabwerera zinzake. Kunena zoona ndi yokongola aise. Ikangoima chabe pabwalo imaoneka kuti mwini wake ali ndi maganizo, ndipo alamu atangoiona nkhope inasintha, ndinachita kuwatsina kuti musamwetulire pamaso pa wogulitsa, mtengo ukwera. Mtengowo sindiulemba pano chifukwa achemwali amawerenga zolemba zangazi ndipo anauzidwa nambala ina.

Madala aja sanayang'ane n'komwe penti. Anangoika dzanja pa boneti kenako n'kunena kuti bwana, mwailiza kale iyi. Wogulitsa anati eee ndimangoisuntha kuti anyamata aitsuke. Potsegula boneti injini ili mbee, yotsukidwa mpaka m'makona. Madala anati chabwino, ife tikadye kaye tchipisi, musaikhudze. Tili pachiwaya ndi pamene anatifotokozera kuti injini ya mu 523i ya chaka chimenechi ndi N20, ya 2.0 ya turbo ya masilinda anayi, yamahosipawa 184, ndipo zoyambirira zake zimadziwika ndi vuto la pulasitiki imene imagwira tcheni cha timing. Ikayamba kutha kumamveka kakulira kopyapyala kutsogolo kwa injini, ikasweka tcheni chimatha kudumpha, zikatero ndiye kuti mukusaka injini ina. Ndiye iwo amafuna kuimva ikulira itazizira, osati itatenthetsedwa kale. Za injini yotsuka anati sikuti nthawi zonse ndi chinyengo, koma oyilo akamadontha pa gasketi ya pamwamba kapena pomwe pamakhala fyuluta ya oyilo, malo awiri amene ma BMW a zaka zimenezi amakonda kudontha, madzi ndi sopo zimafufuta umboni wonse kwa masiku angapo.

Anatiuzanso chinthu china chimene alamu sankachidziwa, kuti 523i ya ku Japan ya injini imeneyi ndi yomweyo imene ku South Africa ndi ku Ulaya inkagulitsidwa ngati 520i, pomwe 523i zoyambirira za 2010 zinali ndi injini ina ya masilinda sikisi. Ndiye ukamaitanitsa sipeya ku Joni usamanene za nambala ya pa buti, uzipereka chassis number, apo ayi akutumizira chitsulo cha galimoto ina iwe utalipira kale ndi bus yomwe.

Titabwerera anailiza madala okha, khutu lili pafupi ndi injini, ife tonse duu. Inalira bwinobwino, palibe kulira kwachilendo. Analumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero ndipo apa ndi pamene nkhani inayamba kukoma. Batire inasinthidwa koma sinalembetsedwe mu kompyuta ya galimoto. Inde, batire ya galimoto iyi imakhala ku buti ndipo ukasintha umayenera kuiuza galimoto kuti ndakuikira yatsopano, ukapanda kutero imaitchaja ngati yakale ija ndipo siikhalitsa. Panalinso ka fault kakale ka pampu ya madzi. Pampu yake ndi yamagetsi, siiyendera lamba ngati ya Corolla, ndipo ikafuna kufa siichenjeza kwenikweni, umangoona uthenga pa dashibodi kuti injini yatentha uli pakati pa Nathenje ndi Dedza. Wogulitsa anati inasinthidwa chaka chatha, risiti alibe. Oyilo nayenso sumayeza ndi kandodo kaja tinazolowera, injini iyi ilibe, umayang'ana pa skirini ya pa dashibodi, ya iDrive, injini itatentha galimoto ili pamalo osapendekeka. Skiriniyo mwamwayi inasinthidwa kale kukhala ya Chingerezi koma mapu akadali a ku Japan, ndipo wailesi imathera pa 90 FM monga zilili ndi magalimoto a kumeneko, masiteshoni ambiri akuno siigwira.

Ma kilomita pa dashibodi akuonetsa ochepa ndithu pa galimoto ya zaka zimenezi. Ndinafunsa za auction sheet, pepala lija limene limalembedwa ku Japan galimoto ikamagulitsidwa pa okushoni, limasonyeza giredi, ma kilomita ndi pamene inagundidwapo. Kulibe. Madala anati musadandaule, BMW imasunga ma kilomita m'malo angapo osati pa dashibodi pokha, anafufuza ndipo manambala anagwirizana. Apo wogulitsa anapeza mphamvu, anayamba kutiitana kuti mabwana.

Kenako msewu. Tinatulukira ku bypass kulowera ku Bunda, alamu pachiwongolero, pobwerera anandipatsa ine. Abale, tizinena zoipa zake koma galimoto iyi ikakhala pa tala wabwino imakoma zedi. Giyabokosi yake ndi ya ZF ya magiya 8, imasintha osamva n'komwe, ukaponda pang'ono kuti upitirire thiraki imatsika magiya yokha n'kunyamuka mosakuwa. Si galimoto yothamanga moopsa ayi, thupi lake ndi lolemera cha m'ma 1,700 kg ndipo injini ya 2.0 imachita kuoneka kuti ikugwira ntchito, amene akufuna moto weniweni ndi wa 535i ya 3.0 yamahosipawa opitirira 300. Koma kukhazikika kwake ndi nkhani ina. Imakoka ndi matayala akumbuyo, kulemera kwake anakugawa pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye pokhota pa raundabauti mphuno imangopita kumene waiuza, siigona, siizengereza. Mkati muli zii, mpando umakugwira msana bwino, ndinayang'ana sipidi ndikuganiza kuti ndili pa 80 kupeza ndadutsa kale malire, ndinachotsa phazi msanga poti a traffic a pamsewu umenewu sagona. Chiwongolero ndi chamagetsi, F10 ndi 5 Series yoyamba kukhala nacho, ndipo anthu amene anayendetsapo E60 ya m'mbuyo mwake amadandaula kuti sichikuuza zambiri za msewu. Ine ndinachiona chopepuka bwino m'tauni, kudandaula kumeneko ndi kwa anthu oti misewu yawo ilibe maenje.

Maenjewo ndi mahampu ndi amene anatibwezera ku Malawi. F10 wamba imatalikira pansi masentimita pafupifupi 14, M Sport anaitsitsanso pang'ono. Hampu yoyamba ya m'lokeshoni tili anayi mkati tinamva khwee pansi, alamu anachita kutseka maso. Iwowa amakhala ku Area 49 mbali imene tala sanafike, nyengo yamvula msewu wawo umakumbika mpaka ma Hilux amayenda chopendekeka, komanso mwezi ndi mwezi amapita kumudzi ku Ntchisi. Ndinawafunsa kuti alamu, kumaliro muzipita pa chiyani? Anati tizibwereka yanu. Pa msewu wafumbi kunamvekanso kugogoda kutsogolo kumanzere, madala anati ndi mabushi, ndipo pa galimoto iyi nthawi zambiri umagula mkono wonse osati ka rabala kokha, mikonoyo ndi ya aluminiyamu ndipo kutsogolo iliko ingapo mbali iliyonse.

Matayala ndiye anandiseketsa. Galimotoyi inapangidwa kuti iziyenda ndi ma run-flat, aja oti akaphulika umatha kuyendabe makilomita mpaka 80 usakupitirira sipidi ya 80, n'chifukwa chake ku buti kulibe sipeya, kulibe jeke, ngakhale malo oikapo sipeyayo kulibe. Mwini wake anaona mtengo wa ma run-flat n'kuika matayala wamba, zomwe ambiri amachita ndipo galimoto imafewako pa mabampu, koma sipeya sanagule. Ndiye ikaphulika usiku ku Kasungu uli ndi buti ya malita 520 yopanda kanthu ndi foni basi. Komanso marimu ake ndi 18, akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, 275 kumbuyo 245 kutsogolo, sungawasinthanitse kuti athere pamodzi, ndipo saizi imeneyi sungoipeza paliponse.

Madala anafunsa ngati oyilo wa giyabokosi anasinthidwapo, wogulitsa anati ameneyo sasinthidwa, ndi wa moyo wonse. Madala anaseka koyamba tsiku lonse. Anati amene anapanga giyabokosiyo, a ZF, amalangiza kuti oyiloyo azisinthidwa ndithu, ndipo fyuluta yake ili pamodzi ndi sampu ya pulasitiki ndiye umasintha zonse. Oyilo wa injini nayenso si wa m'zigubu za pamsika, amafuna synthetic wa muyezo wa Longlife-01, ndipo ndi fumbi lathuli iwo amauza makasitomala awo kuti asamadikire kuti kompyuta iwauze. Za petulo anachenjeza alamu mosapsatira kuti mafuta akasowa, mizere ikafika poipa, galimoto iyi muziisiya pakhomo, petulo wa m'zigubu wa pa black market ndi ma injector ake sizigwirizana.

Madzulo tili pakhonde kwa alamu anaimba msuweni wathu wa ku Johannesburg pa WhatsApp, iye amagwira ntchito yoyendetsa mabwana ndipo kampani yawo ili ndi 5 Series yatsopano, G60 imene inatuluka mu 2023. Anatizungulitsa ndi kamera, galimoto yaitali kupitirira mamita asanu, dashibodi yonse ndi skirini yokhota, mabatani ochepa, pafupifupi chilichonse umachita kudina pagalasi, ndipo ilinso ndi mtundu wamagetsi okhaokha wotchedwa i5. Iye akuti kumbuyo kumene amakhala abwana ake ndi kofewa kwambiri koma kuiyendetsa amaikonda G30 imene anali nayo kale, ya 2017 mpaka 2023, akuti yatsopanoyi yanenepa. Chimene chinandigwira mtima ndi Motorplan. Ku South Africa BMW yatsopano imabwera ndi zaka zisanu kapena 100,000 km za sevisi ndi kukonza zolipiriratu, ikatsokomola umangokaisiya kwa dila n'kumwa khofi. Ndiye wogula yatsopano kumeneko zonse zimene madala akhala akutiopseza nazo lero sizimukhudza, chimene chimamupweteka ndi mtengo umene galimoto imataya zaka zoyambirirazo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaigulitsa Motorplan ikatsala pang'ono kutha. Kwa munthu wa ku Lilongwe yatsopanoyo ndi nkhani ya forex, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023 aliyense akudziwa mmene madola akuvutira, kuonjezapo msonkho wa MRA umene umayang'ana mtengo, kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Ukailowetsa bwinobwino, dila amene angalemekeze Motorplan ija ali kutsidya kwa malire awiri.

Maganizo anga ndinawauza alamu momveka. Amene ali ndi ndalama zenizeni ndipo akufuna 5 Series, G30 ya injini ya B48 ndi imene ili pakatikati pabwino, mavuto a tcheni a N20 anawakonza ndipo siinakalambe. F10 ngati ya leroyi ndi yabwino kwa munthu amene ali ndi galimoto ina ya kumudzi, mekaniki wake wokhazikika, komanso ndalama yapadera yosakhudza yoti tsiku loyamba lomwelo asinthe pampu ya madzi, ma oyilo onse ndi mikono yakutsogolo, mwinanso tcheni kuti agone tulo. Kuigula ndi ndalama yomaliza kuli ngati kugula ng'ombe ya mkaka ulibe khola ndi madeya. Ya dizilo, 523d, imamwa pang'ono zedi koma zoyambirira zake za injini ya N47 tcheni chili kumbuyo mbali ya giyabokosi, kuchisintha ndi ntchito yaikulu, ndipo fyuluta ya utsi ija ya DPF imatsekeka ukamangoyenda timaulendo ta Area 49 kupita ku City Centre.

Ndinatchulanso Lexus GS250, ya banja la GS limene linasiya kupangidwa mu 2020. Injini yake ya 2.5 V6 ndi ya banja limodzi ndi ya Mark X, ndipo Mark X ku Biwi ngakhale mwana wophunzira ntchito amaidziwa, masipeya a injini ali mbwee. Pokhota siifika pa BMW, petulo imamwa kwambiri, koma imakulola kuiwala kuti uli ndi galimoto. Alamu anandiyang'ana ngati ndawatukwana, anati alamu, ine ndikufuna BMW inu mukundipatsa Toyota yovala suti.

Tagwirizana kuti Lolemba galimoto ipite ku galaja ya madala ikakwezedwe, aione pansi, aiyendetsenso kuti oyilo ngati akudontha aonekere, ndipo atilembere mtengo wa zonse zofunika kusintha kuti tikauchotse pa mtengo wa wogulitsa. Wogulitsayo wavomera monyinyirika, akuti pali wina wa ku Blantyre akubwera ndi cash mawa. Madala akuti wa ku Blantyre ameneyo amabwera pa galimoto iliyonse imene iwo anayenderapo.